Nyumba yotsika mtengo, koma ya pa pulani ndi ina

Mlamu wanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg adanditumizira zithunzi pa WhatsApp usiku wina. Nyumba ku Lilongwe, zipinda zogona zinayi, mpanda wa njerwa, kuseri kuli boyizi kota ya zitseko ziwiri. Mawindo ena opanda magalasi, siling'i yagwa mbali imodzi, penti yasuwa. Mtengo wake unali woti munthu ufunse kawiri ngati wamva bwino. "Alamu, tapitani mukaione," adalemba choncho. "Ejenti akuti n'zongofunika penti ndi magalasi basi."

Ndidapita Loweruka. Mwini wake, bambo wachikulire waulemu wake, adanditulutsira envelopu yakhaki momwe munali pulani yokhala ndi chidindo cha khonsolo. Nditaitambasula pa boneti ya galimoto ndidaona kuti pa pepalapo pali nyumba ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi khitchini. Yomwe inali patsogolo pangayo inali pafupifupi kawiri kukula kwake.

"Bambo, nanga zipinda zinazi?"

"Tidawonjezera ana atakula. Mwana wanga, m'tauni muno ndani adapitapo kukhonsolo chifukwa chowonjezera chipinda?"

Sadaname. Mukayenda m'nyumba zakale za Malawi Housing Corporation ku Area 18, ku Nkolokosa kapena ku Kanjedza, n'zochepa zomwe zidakali momwe zidamangidwira. Wina adatseka khonde n'kukhala chipinda, wina adagumula khoma kuti pabalaza pakule, wina adamanga tinyumba ta lendi mpaka kugunda mpanda. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo nyumba zake zambiri zidamangidwira banja laling'ono la wogwira ntchito m'boma, osati banja lathu lenileni lokhala ndi adzukulu, azilamu ndi mwana wa achemwali wodzaphunzira sukulu m'tauni. Anthu adawonjezera chifukwa adapanikizika, ndipo ine sindiwaweruza. Koma womangayo amadziwa zomwe adaika pansi pa dothi ndi zomwe adadumpha. Wogula sadziwa, ndipo tsiku lomwe wasainira, zonsezo zimakhala zake.

Pali zinthu zitatu zomwe ambiri timaziphatikiza ngati chimodzi tikamati nyumba "ili ndi mapepala". Pepala la malo limanena kuti dothilo ndi la yani, kapena wabwereka kwa yani ndipo kwa zaka zingati. M'mizinda yathu nthawi zambiri imakhala lizi, yambiri ya zaka 99, yochokera ku Unduna wa za Malo, ku Malawi Housing Corporation kapena kukhonsolo. Chilolezo chomanga ndi china: chimanena kuti pamalopo mwaloledwa kumanga chakutichakuti, chachikulu mwakuti, motalikira malire mwakuti. Kulimba kwa nyumbayo ndiye nkhani yachitatu, ndipo palibe chidindo chomwe chimailowa m'malo. Munthu atha kukhala ndi taitolo didi yeniyeni koma nyumba yake ili yosavomerezeka. Atha kukhala ndi pulani yovomerezeka koma mmisiri adamanga zina. Ejenti akangoti "mapepala onse alipo", funsani kuti pa zitatuzi akunena ziti. Kawirikawiri amakhala akunena za choyambacho, ndipo nthawi zina si icho n'komwe koma kalata ya amfumu kapena kapepala ka mgwirizano komwe adasainirana ndi yemwe adamugulitsa puloti.

Lamulo lomwe likugwira ntchito pa zomangamanga m'mizinda ndi Physical Planning Act ya mu 2016, yomwe idalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya mu 1988. Mfundo yake ndi yakuti musanamange, musanawonjezere chachikulu, kapena musanasinthe ntchito ya nyumba, mwachitsanzo yogona kukhala sukulu ya mkaka kapena shopu, mupereke pulani kukhonsolo ndipo komiti yoona za mapulani ivomereze. Ntchito ikayamba, oyendera zomanga amayenera kubwera pa magawo angapo: maenje a maziko atakumbidwa konkire asanathiridwe, zitsulo zitamangidwa zisanakwiriridwe, mapaipi a zonyansa asanafotseredwe, kenako pamapeto kuti apereke chiphaso chokulolani kulowamo.

Anthu amaona ngati kuyendera kwa magawomagawoku n'kuvutitsana chabe. Chifukwa chake n'chosavuta: pafupifupi chilichonse chomwe chimaimitsa nyumba chimabisika ntchito ikamatha. Maziko amakwiriridwa. Zitsulo za mu ring'i bimu, lamba wa konkire wozungulira nyumba pamwamba pa mawindo, zimamira m'konkire. Pulasitiki yakuda yoletsa chinyezi kukwera m'khoma imaphimbidwa ndi njerwa. Mawaya amalowa m'mapaipi, mapaipi m'khoma, khoma mu pulasitala, pulasitala mu penti. Woyendera akabwera nyumba itatha amaona zomwe inu ndi ine timaona, ndiye kuti penti. Choncho nyumba yomwe sidayenderedwe si kuti ndi yoipa ayi. Alipo amisiri odziwa ntchito omwe adamanga zolimba popanda wowayang'anira. Vuto ndi lakuti palibe mboni. Mukugula mawu a munthu yemwe akufuna ndalama zanu.

Onjezani apo momwe timamangira kuno. Ochepa okha ndi omwe amamanga nyumba yonse kamodzi. Chaka chino maziko, chaka chamawa pa windo, ndalama za fodya kapena za ku Joni zikabwera tifike pa lintala, kenako nyumba ikhale zaka zitatu ikunyowa ndi mvula podikira malata. Gawo lililonse limakhala ndi mmisiri wake, ndipo wachiwiri sadziwa zomwe woyamba adachita. Mitengo nayo siima. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, zitsulo ndi malata zidakwera motsatira. Munthu amene bajeti yamuthera pakati samaimitsa ntchito, amachepetsa simenti. Konkire yemwe amayenera kukhala muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale amasanduka "thumba limodzi mawilibala ambirimbiri". Ring'i bimu yofunika zitsulo zinayi za Y12, zokhuthala mamilimita 12, imalandira ziwiri zowonda. Konkire amafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7 ndipo amafika pa mphamvu yomwe amawerengera pakatha masiku 28, koma kumene madzi ndi ogula pa ndowa, ndani amathirira sabata yonse? Nyumba zambiri "zosamaliza" zomwe zikugulitsidwa lero m'malo atsopano ozungulira Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zidadutsa m'nyengo imeneyi.

Tibwerere kunyumba ya mlamu wanga. Ulendo wachiwiri ndidapita ndi mmisiri wachikulire yemwe adagwirapo ntchito m'makampani omanga. Sadayambe n'kulowa m'nyumba. Adazungulira kunja kawiri, manja kumbuyo, kenako adaima pomwe khoma lakale lidakumana ndi latsopano. Panali mng'alu wowongoka kuchokera pansi mpaka kudenga, wotsekedwa ndi simenti n'kupakidwa penti yosiyanako pang'ono mtundu. "Apa sadalumanitse njerwa," adatero, "adangogundiza khoma latsopano ku lakale." Adatulutsa kiyi m'thumba, n'kukanda pakati pa njerwa pomwe pulasitala adagwa. Zidayoyoka ngati ufa, zofiirira. Mbali yatsopanoyo idamangidwa ndi matope, simenti ili kunja kokha ngati chovala. Kenako adapempha khasu, n'kukumba m'mbali mwa khomalo. Sadafike ngakhale pa bondo: njerwa zidathera pa dothi, popanda konkire pansi.

Kumanga ndi matope si tchimo, nyumba zambiri m'dziko muno zili choncho ndipo anthu akukhalamo. Koma mtengo wake ndi wina, moyo wake ndi wina, ndipo sungaisenzetse thanki ya madzi kapena denga la matailosi. Ming'alu nayo imasiyana. Timizere tating'ono ngati ukonde wa kangaude nthawi zambiri ndi pulasitala chabe yemwe adauma msanga. Wochititsa mantha ndi womwe ukukwera ngati masitepe motsata njerwa, wotseguka kwambiri kumtunda kapena kumunsi, kapena wochokera pa ngodya ya windo kupita m'mwamba mopendekera. Umenewo ukutanthauza kuti pansi pakuyenda. Chitseko chomwe chidapalidwa kangapo kuti chizitsekeka chimanena zomwezo. Penti yatsopano mbali imodzi yokha ya khoma, makamaka kumunsi, ndi yofunika kuigogoda ndi chala: pomwe pakumveka phophopho pulasitala walekana ndi njerwa, ndipo kawirikawiri n'chinyezi chokwera kuchokera pansi. Ngati n'kotheka, kaoneni nyumba mu Januwale kapena Febuluwale. Mu Okutobala nyumba iliyonse ndi youma.

Za ring'i bimu ndikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri amaiyesa chokongoletsa cha anthu a ndalama. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chomwe nthaka yake imang'ambika, n'chifukwa chake tili ndi nyanja yaitali chonchi. Chivomerezi cha ku Salima mu 1989 ndi zivomerezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zidagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri za njerwa. Lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndiye amagwira makoma kuti asatayane nthaka ikagwedezeka, ndiponso ndi pomwe denga limamangiriridwa kuti mphepo isalitenge. Munthu akagumula khoma lapakati kuti akuze pabalaza osaikapo bimu, kapena akawonjezera chipinda chomwe lamba wake sadalumikizane ndi wakale, nyumbayo imaoneka yaikulu koma yafooka. Njira yodziwira ndi kukwera mu siling'i ndi tochi ya foni. Kumeneko n'kumene nyumba imanena zoona, chifukwa palibe amene amapentako. Mudzaona pamwamba pa makoma, mudzaona ngati matabwa a denga adyedwa ndi chiswe kapena afumbwa, mudzaona timabowo ta malata tikuwala ngati nyenyezi. Pa malata kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: 28 ndi lokhuthala kuposa 32.

Ndipo mudzaona mawaya. Ife tidapeza waya wopita kuboyizi kota atalumikizidwa pa waya wa magetsi a pabalaza, wopotedwa ndi manja n'kukulungidwa ndi jumbo. Mawaya amasiyana kukula: wa mababu amakhala wa 1.5, wa masoketi 2.5, wa kuka yophikira wokulirapo ngati 6; alendi awiri akuseriwo ankaphikira mahotipuleti pa waya wa mababu. Pamalo pomwe padalumikizidwapo thabwa lidada. ESCOM imafika pa mita; za m'kati mwa nyumba ndi za mwini wake, ndipo zimayenera kugwiridwa ndi munthu yemwe ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Nyumba itha kukhala kuti idayesedwa bwinobwino pomwe magetsi ankalowa koyamba, koma zowonjezera zonse za pambuyo pake adachita mnyamata wa pa msika. Ku South Africa, komwe mlamu wanga ali, nyumba sisintha dzina popanda chiphaso chotsimikizira kuti mawaya ake ali bwino, ndipo iye ankaganiza kuti kwathu n'chimodzimodzi. Kuno musadikire kuti wina akubweretsereni pepala lotero. Itanani wamagetsi wanu ayese, aone ngati pali waya wopita m'nthaka ndi chozimitsa magetsi pakachitika ngozi. Ngati mita idadumphidwa, chindapusa chidzapeza yemwe ali m'nyumbamo tsiku lomwe zadziwika. Ngongole ya madzi ndi msonkho wa khonsolo nazo zimakakamira pa puloti, kotero pitani nokha mukafunse zotsala.

Zonyansa ndi gawo lomwe ogula amachita nalo manyazi, mwina chifukwa si zokamba pamaso pa apongozi. Funsani kuti sepitiki thanki ili pati, ndipo musavomere kungolozeredwa ndi chala. Si zachilendo kupeza kuti chipinda chowonjezera chidamangidwa pamwamba pake, kapena pamwamba pa paipi ya suweji yomwe imatumikira mzere wonse wa nyumba. Ikadzatsekeka, okonza adzafuna kukumba pomwe pali bedi lanu. Anthu a ku Area 18 sadaiwale za mu Julayi 2017 pomwe zonyansa zidalowa m'mapaipi a madzi akumwa. Paipi ya madzi ndi ya suweji zikayandikana pansi pa dothi, ngozi yake imakhala yotero. Kumene anthu amamwa madzi a pachitsime kapena pa mjigo wa pakhomo, onaninso kuti sokawe yanu, dzenje lomwe madzi a m'sepitiki thanki amalowera pansi, ndi ya neba zili patali bwanji.

Zonse ndatchulazi zimakonzeka ndi ndalama. Chomwe sichikonzeka ndi malo pomwe nyumba yaima. Khonsolo zili ndi mphamvu yoimitsa ntchito ndi kulamula kuti chomangidwa popanda chilolezo chigwetsedwe, ndipo kalatayo imapita kwa mwini wake wa lero, osati kwa yemwe adamanga zaka khumi zapitazo. N'zoona kuti mphamvuyi sagwiritsa ntchito kawirikawiri, n'chifukwa chake madobadoba amati "palibe amene amagwetsa". Koma tsiku lomwe msewu ukukulitsidwa, chizindikiro chofiira cha X chimalembedwa pa khoma lomwe lidalowa m'malo a msewu, ndipo wopanda chilolezo amavutika kupempha chipukuta misozi. Chimodzimodzi pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri. Madzi a mtsinje wa Lingadzi adalowa m'nyumba ku Mtandire mu Febuluwale 2017. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe, anthu ambiri n'kufera m'nyumba zawo usiku. Nyumba yotchipa pamalo otere siimatchipa chifukwa cha magalasi osweka. Saveya, woyeza malo, yekha ndiye angakuuzeni ngati mpanda uli pa mabikoni, zizindikiro za malire a puloti. Mpanda umasuntha, makamaka kumbali komwe kunalibe neba nthawi yomanga.

Ndiye pali banki. Ambiri ogula nyumba yoti akonze amawerengera kuti akailowa adzaipereka chikole n'kutenga ngongole yomalizira. Banki imatuma munthu wake wowerengera mtengo, ndipo imafuna kuona taitolo ndi pulani yovomerezeka. Zomwe sizili pa pulani zitha kusawerengedwa, kapena ngongole yonse kukanidwa. A inshuwalansi nawo, moto ukabuka, amafufuza chomwe chaubutsa, ndipo waya wokulungidwa ndi jumbo ndi chifukwa chokwanira kuti akangane nanu. Tsiku lomwe mudzafune kugulitsa, wogula wodalira ngongole ya banki adzabwerera pa geti, mudzatsala ndi okhawo a ndalama m'manja, omwe adzakugwetsani mtengo momwe inu mukugwetsera lero.

Njira yokonzera mapepala ilipo. Mumalemba ntchito wojambula mapulani kuti ayeze ndi kujambula nyumbayo momwe ilili, injiniya aone ngati ndi yolimba, kenako mupereke kukhonsolo ngati pempho, mulipire zolipira ndi chindapusa. Khonsolo itha kuvomera, itha kunena kuti musinthe zina, itha kukana ngati mwadutsa malire, mwadzaza puloti yonse kapena mwamanga pa paipi. Injiniya wanzeru sasainira zomwe sadaone, ndiye yembekezerani kuti akumbe m'mbali mwa maziko ndi kuswa pulasitala malo angapo. Maganizo anga ndi akuti ntchito imeneyi ichitike wogulitsa akadali mwini, kapena ndalama ina itsale m'manja mwa loya mpaka itatheka. Mukalipira zonse lero n'kulonjezedwa kuti "mapepala tikonza pambuyo", foni yake idzayamba kusapezeka. Ndipo pitani kukhonsolo ndi ku ofesi ya kaundula wa malo nokha kapena kudzera mwa loya wanu, osati wa wogulitsa: mukaone fayilo ya pulotiyo, dzina lomwe lili pa taitolo, ndi ngati palibe banki kapena munthu yemwe adaikapo chiletso.

Chinanso chofunika kutchula: nyumba zambiri zowonongeka zimakhala za masiye. Mwini adamwalira, ana sakugwirizana, palibe yemwe akufuna kuikapo ndalama, denga likudontha chaka ndi chaka mpaka mmodzi aganize zogulitsa. Pansi pa lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, wogulitsa ayenera kukhala ndi mphamvu yochokera kukhoti yoyendetsera chumacho. Kukhala mwana woyamba kapena mwini mbumba si chilolezo. Mukagula kwa mmodzi, ena adzabwera mutamaliza kupenta.

Kwa omwe ali kunja, ku Joni, ku Leeds kapena ku Dublin, msampha wake ndi wa zithunzi. Foni imajambula mbali yomwe wojambulayo wasankha. M'bale wotumidwa amachita manyazi kukanda khoma la eni ake pamaso pawo, ndipo nthawi zina ejenti amakhala atamulonjeza kangachepe. Ndalama yolipira injiniya, saveya ndi wamagetsi tsiku limodzi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa nyumba, koma ndi yomwe anthu amaumira, pomwe ya ejenti amapereka osadandaula.

Mmisiri uja atamaliza adakhala pa njerwa n'kuwerengera kuseri kwa envelopu. Mbali yakale, ya pa pulani ija, inali yolimba: maziko a konkire, njerwa zomangidwa ndi simenti, yongofunika malata ena, siling'i ndi mawaya atsopano. Zipinda ziwiri zowonjezera zinali zoti zigwetsedwe n'kumangidwanso kuyambira pansi. Boyizi kota inali itadutsa bikoni ndi pafupifupi mita imodzi kulowa m'kanjira ka kuseri. Ndidamuimbira mlamu wanga n'kumuuza kuti akugula nyumba ya zipinda ziwiri, puloti yabwino, ndi mulu wa njerwa womwe adzalipire anthu kuti augumule. Adatchula mtengo wa zimenezo. Bambo aja adakhumudwa, adati nyumba adalereramo ana asanu ndi mmodzi ndipo sidagwerepo munthu, ndipo izi zinali zoona. Adakana. Patapita miyezi iwiri ndidadutsako pa minibasi: geti adalipaka penti yobiriwira, ming'alu ija yatsekedwanso, ndipo pakhonde panali katundu wa banja lina akutsitsidwa mu lole.